Ludzu la Nelito

Lachisanu, 3 Outubro 2025

Tafika kuchokera ku Tete. Fumbi mpaka m'mano. Nelito pamiyendo panga njira yonse: kudzuka, kumwa, kukodzera m'botolo, kugonanso. Chigubu chinatha tisanafike pakati. Woyendetsa shapa, minibasi imene tinakwera, anaima pamudzi wina nditamuchonderera. Anthu kung'ung'udza. Mayi wina kumbuyo: "Mwana ameneyu ali ndi ng'ona m'mimba?" Ena kuseka. Sindinacheuke.

Koma lero matendawa ali ndi dzina. Zaka zinayi za mwana wanga, zonse za ludzu lopanda dzina. Diabetes insípida nefrogénica. Si shuga. Amayi ananena kalekale kuti si shuga, nyerere sizibwera pamene wakodza. Ndi madzi okhaokha. Impso zake sizibweza madzi.

Dotolo Ilda atamva kuti ndimaphunzitsa Biolojiya kuno ku Fíngoè anakoka mpando, anatenga pepala, n'kuyamba kujambula. Ndilembe ndisanaiwale.

Impso zikamasefa magazi, madzi ambiri amatuluka nawo, ndiye thupi limawabweza asanafike m'chikhodzodzo. Kumapeto kwa timipope ta impso kuli maselula a mbali ziwiri: ina yayang'ana magazi, ina yayang'ana mkodzo. Thupi likauma, ubongo umatumiza uthenga m'magazi. Selula imaumva ndi kapuroteina kokhala pakhungu lake, mbali ya magazi. Khutu lake, tinene. Ikamva, imatenga timipata ta madzi timene imasunga m'timatumba mkati mwake, n'kukatiika pakhungu la mbali ya mkodzo. Madzi amalowa, amabwerera m'thupi.

Mwa Nelito khutu lija limapangidwa ndithu, koma lopindika molakwika pang'ono. Selula imaliona kuti silili bwino, imalitsekereza pomwe lapangidwira, mu retikulo, n'kuliphwanya. Pakhungu silifika. Ubongo ukukuwa, wakumva palibe. Timipata tili mkati, tabwinobwino, tikungodikira.

Akuti kuti atsimikize zenizeni pafunika makina amene kuno kulibe. Koma anamupatsa uthenga womwewo ngati mankhwala, mkodzo sunasinthe. Kenako anafunsa ngati ndinali ndi alongo. Nditayankha, anasiya kulemba.

Malamulo. Kompirimidu, mbulu umodzi wa mankhwala, m'mawa uliwonse. Mchere ayi, nsomba ya mchere ija ya chikowa ayi, pomwe iye amaifera. Ndipo madzi nthawi iliyonse akafuna. "Mukamumana madzi, mwamupha." Anatero osamwetulira.

Retikulo, Goji, membrana. Chaka ndi chaka ndimazijambula ndi choko pa kwadulu, ana akuyasamula.

Salaliyo sinalowebe. Mawa kuchapa.

Lamulungu, 5 Outubro

A Belarmino, amuna anga, anabwera dzulo kuchokera ku galimpo kumene amakumba golide ndi akulu awo. Mwezi wathunthu kudzenje, golide wosaoneka. Manja ong'ambika, maso ofiira. Anamunyamula Nelito, kumuponya m'mwamba, mwana kuseka mpaka kutsamwa. Ndinati tsiku lowauza ndi lomweli.

Titachoka ku misa ndinawajambulira pansi ndi kamtengo. Anamvetsera. Zoona anamvetsera, atanjuta, chala pachithunzi. Mafunso awo abwino kuposa a ana a kalasi ya 11. Mtima wanga unayamba kumasuka. Kenako: "Nanga kupindikako kwachokera kuti?"

Ndinanena zoona. Kumayenda kudzera kwa amayi. Mkazi amanyamula osadwala, ana ake aamuna ena amadwala. Amayi anapatsa ine, ine ndapatsa Nelito. Alongo anga awiri, Inácio ndi Mateus, anamwalira ali ana ine ndisanabadwe, onse a ludzu lomweli.

Anaimirira. Anafafaniza chithunzi ndi phazi.

"Ndiye wavomera wekha. Zachokera kwa amako."

Ndinati si choncho, si kulodza, palibe amene amasankha. Anamenya theche kapu imene Nelito ankamwera, inakagwera kukhola la mbuzi. Mwana sanalire. Anapita kukaitola, anaipukuta ndi malaya, anabwera kwa ine kuti ndithiremo ena.

Amayi anali kuseri, akusenda chinangwa. Anamva zonse. Mpeni sunaime.

A Belarmino abwerera ku galimpo osadya.

Lachiwiri, 7 Outubro

Kutentha. Nyenje kuyambira m'mawa. Mtsinje wasanduka matope a otsuka golide, ngakhale ng'ombe zikuukana. Tonse maso pa bomba limodzi la kumsika, mjigo wokhawo umene watsala.

Ndewu pamzere. Nditabweranso ndi chigubu, mkazi wina wosadziwika anati ndikugulitsa madzi, munthu mmodzi sangatunge chonchi. Anakankha chigubu changa. Elsa, woyandikana nane nyumba, anamukoka tsitsi. Zidebe kuuluka, wina anang'ambidwa khutu pokokedwa ndolo, magazi m'matope. Ine ndinangokumbatira chigubu. Pulofesola wathunthu kugudubuzika pansi chifukwa cha madzi, ana anga a sukulu akuonerera.

Masana ndinaima pamaso pa omwewo, bondo lotupa. Mutu wa sabata ino ndi ulendo wa puroteina. Imapangidwa pa retikulo, imapindidwa, imayesedwa. Yabwino imakwera kathumba kupita ku Goji. Goji imawerenga chizindikiro chimene puroteina yanyamula pathupi pake, n'kuilongedza m'kathumba koyenera: iwe mbali iyi, iwe mbali inayo, iwe khala mkati mpaka uitanidwe. Kathumba kakafika kamasungunukira m'khungu la selula monga dontho la mafuta likakumana ndi linzake, puroteina n'kukhala pamalo pake. Ndalankhula ngati wogwidwa mizimu, choko kuthyoka m'manja. Ndinamaliza. Mtsikana wina anakweza dzanja, mtima wanga unadumpha. Amafunsa ngati zibwera pa mayeso.

Kompirimidu ikugwira. Ndi yomweyo imene amapatsa okalamba othamanga magazi kuti azikodza, koma kwa iye imachepetsa. Mphasa lero siinanyowe yonse. Wadya bwino, m'mimba mwapezeka malo. Wapempha chikowa, ndamupatsa mango.

Lachinayi, 9 Outubro

Amayi alankhula. Tikupeta chimanga, osayang'anana. Za Mateus, koyamba m'moyo wanga.

Ulendo wothawa nkhondo kupita ku Zambia, wapansi, iwo ndi atate ndi ana awiri. Mateus kumsana, anali atangoyamba kuyenda. Mitsinje youma. Ankalirira madzi mpaka mawu anatha. "Anafa ali wouma ngati chikuni, koma nsalu yanga kumsana inali yonyowa." Anamuika pansi pa mtengo umene sangaudziwenso. Inácio anafika, anakhala chaka kumsasa, anatsekula m'mimba tsiku limodzi, basi. Akazi a kumsasa ankanong'ona kuti anadya ana awo. Atate ndi amene ankatseka anthu pakamwa, kumeneko ndi kuno titabwerera. Atate kulibenso.

Ndinawafotokozera za khutu losafika pamalo pake. Anamvetsera ngati ali pa misa. Kenako: "Ndiye ndinawapatsadi ine." Ndinati inunso munapatsidwa ndi amayi anu. "Ee. Koma ndinawapatsa." Ndinapitiriza kupeta. Sukulu yonse ndinaphunzira ija.

Anasiya lichero, anatenga chigubu, ulendo ku bomba ndi msana wawo uja. Ndinawaletsa. Sanamve.

Loweruka, 11 Outubro

Diso lamanzere silikutseguka. Ndikulemba ndi limodzi.

Anabwera masana pa mota, njinga yamoto, Belarmino ndi mkulu wake Salvador. Dzenje lawo ladzaza madzi. Mwezi wouma chonchi, madzi atumphuka pansi pomwe anayamba kuona mwala wabwino, makina opopera apsa. Anapita kwa mneneri wa ku galimpo, Amadeu. Wawauza kuti madzi a m'dzenje ndi madzi a mwa mwana ndi amodzi, wotumiza ndi mmodzi. Umboni? Mkazi wako wavomera kale.

Salvador sanakhale pansi, mpando ndinamupatsa. Analoza amayi ndi chikwanje. "Inu gogo, tsekani chimene munatsegula."  Ndinaima pakati. Ndinati alamu, madzi a pansi ali ndi njira zawo, mwakumba mpaka mwawapeza. Analavula. "Pulofesola."

Belarmino analowa m'nyumba, anatuluka ndi makompirimidu, anawaponya pamoto. Ndinapisa dzanja pamoto. Anandikoka tsitsi. Chibakera, china, mutu pakhoma. Ndinamva Nelito akuti papa, papa, osati mokuwa, ngati akumukumbutsa chinthu chimene waiwala.

Chikwatiranireni, mbama inalipo. Izi ayi. Uyu sindikumudziwa.

Anthu anadzaza kumpanda. Elsa yekha anakuwa. Pochoka Salvador anati atipatsa masiku oti tiganize.

Amayi anandisambitsa nkhope ndi madzi a m'chigubu cha Nelito. Ndinawakalipira kuti akuwononga madzi. Ndinawakalipira iwo.

Lolemba, 13 Outubro

Kusukulu ndi mpango kumaso. Ndati njuchi. A dilekitoli anandiyang'ana nthawi yaitali, anatseka chitseko, anati tiyeni ku polisiya, ndikuperekezani. Amayi akukana. Akuti ukamangitsa mwamuna, abale ake atentha nyumba, ndipo wotchulidwa mfiti pagulu adzakhala iwo. Ndamvera amayi.

Makompirimidu ena ndapeza kuchipatala. Infelemeiro Elídio, namwino wa pamenepo, anaona zala zakupsa, anaona diso, anafunsa kamodzi, sanandikakamize. Anawonjezera mafuta opaka. Makompirimidu ndawasokerera m'mpendero wa kapulana, chitenje chimene ndimavala.

Ndapempha amayi apite ku Chipera kwa ang'ono awo mpaka zizizire. "Ndinathawapo kamodzi." Basi.

Nelito akukumba kuseri ndi supuni. Akuti akufunira papa golide kuti asakwiye.

Lachitatu, 15 Outubro

Amutenga.

Ndinali m'kalasi. Elsa analowa akuthamanga, wopanda nsapato. Chitseko chothyoledwa. Amayi pansi pa mtengo wa mango, mkono wopindika pamene sipapindika, mutu wong'ambika, akupuma. Salvador ndi amuna ena awiri, ndi mpini wa khasu. Belarmino sanamenye, akutero Elsa, anangonyamula mwana kupita pa mota. Amayi anagwira mwendo wa mwana osausiya, ndi pamene anawathyola mkono.

Chigubu sanatenge. Chili apa, chodzaza.

Amayi atatsegula maso: "Akuti akamuumitse." Amadeu walamula kuti asalawe dontho mpaka chimzimu cha madzi chituluke chonse.

Ndawasiya kuchipatala ndi Elsa. A dilekitoli athamangira ku polisiya, galimoto yawo ili kutali pa mlandu wina, aitumizira uthenga. Sindingadikire. Choipa n'chakuti ndikudziwa zimene zikuchitika mwa iye panopa. Mwana wina akamanidwa madzi, impso zimatseka, amapirira. Za wanga sizitseka. Madzi akutulukabe. Mchere ukukwera m'magazi, maselula a ubongo akufota.

Leonel wa mota wavomera kundifikitsa pamtsinje, osapitirira, akuopa Salvador. Wapita kukathira mafuta. Ndikulemba pomudikira. 

Mulungu wanga, lilime lake

Loweruka, 18 Outubro

Kuchipatala. Ali moyo. Ndiyambe ndi zimenezo.

Leonel ananditsitsa pamtsinje dzuwa litapendeka. Chigubu pamutu, kukwera chitunda. Galimpo: maenje paliponse, misasa ya pulasitiki wakuda, phokoso la zigayo za miyala, amuna otuwa ndi fumbi. Ndinafunsa kwa mneneri. Anandilozera ndi milomo, osandiyang'ana.

Kachisakasa ka malata, mkati ngati uvuni. Nelito pa thumba, mwendo womangidwa kunsanamira ndi chingwe cha mbuzi, akuti ankakwawira ku chidebe chotsukira miyala. Milomo yong'ambika. Maso olowa. Sanalire, misozi analibe. Ndipo pansi pake ponyowa. Amadeu anandilozera pomwepo, nkhope yowala: "Mukuona, mayi? Chikutuluka."

Ndinatula chigubu. Salvador anatulukira kumbuyo, chikwanje kamodzi, chigubu chinang'ambika pamimba. Madzi onse amene ndinasenza, m'dothi.

Pakhomo panali musi wachitsulo wosinjira miyala. Kuunyamula sindikukumbuka. Ndikukumbuka kulemera kwake, ndi phokoso, ngati dzungu likagwa pamwala. Salvador anagwa chagada, nsagwada ili pambali, mano pansi. Ndinaukwezanso. Belarmino anandigwetsa ndisanautsitse. Mateche m'nthiti, m'msana. Ndinamva china chikuthyoka mkati. Ndinakwawa iye akumenyabe, ndinavula kapulana, kuiviika m'chigubu chong'ambikacho mmene munatsala timadzi, kufinyira m'kamwa mwa mwana. Anameza. Ndinaona pakhosi pakuyenda.

Kenako anayamba kugwedezeka. Thupi lonse gwa, maso kutembenuka, mwendo womangidwa ukukoka chingwe. Mateche anasiya. Belarmino anangoima, manja lende, kamwa yasa. Amadeu akukuwa kuti aleluya, chikutsanzika. Akazi ophikira okumba anali atadzaza pakhomo. Wina wamkulu thupi anamukankhira mneneriyo kukhoma, analowa ndi ndowa ndi kapu. Dzina lake sindikulidziwa. Tinadikira kugwedezeka kuthe, ndiye dontho, dontho, iye atagwira mutu.

Belarmino anatola chikwanje cha mkulu wake. Ndinaphimba mwana ndi thupi langa. Anadula chingwe.

"Kwera." Liwu lokhalo. Iye kutsogolo, mwana pakati, ine kumbuyo ndi botolo la mayi uja, nthiti zikubaya pa mwala uliwonse. Mkulu wake anamusiya pansi pomwepo akubuula. Anatitsitsa pachipata cha chipatala, injini osazimitsa. Elídio atatulukira, nditacheuka, fumbi lokha.

Lamulungu, 19 Outubro

Tsiku lomwe tinafika Elídio anaimbira dotolo Ilda, foni ili pakhutu, dzanja likufuna mtsempha. Dotolo anati solo, diripi ya mchere imene amaika ana ouma, ikhale yoyamba yokha, yodzutsa magazi, isapitirire. Uyu mchere wamuchulukira kale. Madzi a shuga, ndiponso pang'onopang'ono. Ndinafuna kutsegula kampope konse ndi dzanja langa. Elídio anandigwira. Ubongo wafota, wazolowera mchere, ukauthira madzi mofulumira utupa. Ndikudziwa. Ndimaphunzitsa zimenezi ndi kachidutswa ka mbatata m'kapu ya madzi a mchere. Kudziwa sikuchepetsa kudikira.

Nelito sanalankhulebe. Amatsegula maso, samanditsata.

Amayi ali chipinda chinacho, mkono aumanga jeso, chikhakha choyera chija, mutu asoka. Akufunsa za mwana yekha. Ine nthiti ziwiri, akutero Elídio pogwira. Kuti aone bwino, n'ku Tete. Kutsokomola ndi imfa.

Kwaya ikumveka kuchokera kutchalitchi. Sindinapemphere. Ndikuyang'ana madontho.

Lachiwiri, 21 Outubro

Nkhani zikubwera ndi Elsa pamodzi ndi phala. Salvador anamutengera ku Tete. Nsagwada yathyoka pawiri, diso limodzi mwina silidzaonanso. Ndinadikira kuti mtima undipweteke. Sunapweteke. Phala ndadya lonse. Ichi chikundiopsa kuposa Salvador.

Amadeu okumba anamutembenukira m'mawa mwake ife titachokako. Ambiri anali atamupatsa golide kuti maenje awo aume. Anatentha chisakasa, anamupirikitsa ndi miyala mpaka mumtsinje, anamuthyola miyendo yonse. Apolisiya anachita kumulanditsa. Anthu omwewo amene anandilozera njira ndi milomo, mwana akuuma pakati pawo tsiku lonse. Lero onse ndi olungama.

Apolisiya abwera awiri, aulemu, zipewa m'manja. Milandu iwiri, akutero: wa iwo, ndi wanga. Ndafotokoza zonse, ndi za musi zomwe. Wamkuluyo anafunsa ngati ndinkafuna kupha. Ndinati ndinkafuna kudutsa. Ulendo woyamba, inde. Wachiwiri uja ndinaukweza sanandifunse.

Belarmino akumufuna. Kumene ali sikukudziwika.

Lachitatu, 22 Outubro

Abale a Salvador afika kunyumba kwathu dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona. Khitchini atentha. Mabuku anga a sukulu aponya momwemo. Mbuzi azitema miyendo n'kuzisiya zamoyo, zikulira, mpaka mwamuna wa Elsa anabwera ndi mpeni kudzazimalizitsa. Ya mawanga ija ya Nelito inali ndi bere.

Uthenga asiya kwa Elsa: ndikatchula Belarmino kukhoti, denga lalikulu litsatira, ife tili mkati.

Amayi atamva sanati ndinanena. Bola akanatero.

A dilekitoli akuti tikatuluka tikakhale kaye m'kachipinda kosungira mabuku kusukulu. Pali thanki ya madzi pafupi. Ndinafunsa zimenezo ndisanathokoze n'komwe.

Lachisanu, 24 Outubro

"Madzi."

M'mawa, Elídio akusintha solo. Timawu ngati ta mwanapiye. Ndinagwetsa kapu, ndinatola, ndinagwetsanso. Anamwa yekha, manja awiri. Amayi anabwera ndi jeso yawo, anagwada pafupi ndi kama, milomo ikuyenda, mawu osatuluka. Iye anawagwira nsalu ya pamutu: "Vovo, wakumenyani ndani?" Anati anagwa.

Nelito mwendo wamanja akuukoka. Dotolo Ilda pafoni akuti tidikire, ubongo wa mwana umatha kupeza njira zina, koma sakulonjeza. Pakakolo chilonda cha chingwe, chozungulira ngati chibangili.

Ndinamufunsa dotolo chimene chakhala chikundizunguza. Khutu lija, likanangololedwa kufika pakhungu, silikanamva ngakhale pang'ono? Anati mwa ana ena likanamva ndithu, kupindikako n'kochepa, selula ndiyo imakana kulitulutsa. Akuti kumaiko ena akuyesa mankhwala olithandiza kupindika bwino kuti lidutse. Sanafike pogwiritsidwa ntchito. Pano tili ndi kapu ndi kompirimidu.

Masana wafunsa za mbuzi zake. Ndinati zili bwino. Kenako: "Papa wapeza golide?" Ndinati sanapeze. "Ndiye abwera liti?"

Ndinatuluka, ndinakaima kuseri kwa chimbudzi. Kulira ndi nthiti zothyoka kuli ndi luso lake.

Lolemba, 27 Outubro

Dzulo masana foni, nambala yachilendo. Kupuma kokha poyamba. Kenako: "Ali moyo?" Ndinati ali moyo. Belarmino analira mokweza mpaka amayi anamva ali pamkeka pawo. Anati sanadziwe, anati Salvador, anati Amadeu. Za nthiti zanga sanatchule, za mkono wa amayi sanatchule. Anandiuza yekha kumene ali ndisanafunse, akudikira munthu womuolotsa ku Zambia. "Usauze munthu, mayi a Nelito." Nelito anatambasula dzanja kufuna foni. Ndinaizimitsa.

Lero Elídio, asananditumize ku Tete kukajambulitsa nthiti, anafunsa za mwezi wanga. Ndinayamba kuwerenga, ndinasiya. Anandipatsa kabotolo ndi kamzere koyezera. Ndili ndi pakati. Mateche onse aja, kakadalipo.

Akakhala wamwamuna, mwina ludzu, mwina ayi, pakati ndi pakati. Akakhala wamkazi, mwina adzanyamula ngati ine. Zinasankhidwa kale mkatimu, ndisanadziwe n'komwe kuti alipo. Amayi sindinawauze. Atate wake sadziwa.

Wapolisiya wamkulu uja ali pabenchi panja, chipewa pabondo, akudikira ndimalize kudyetsa mwana. Wafunsa kale ngati ndamvapo kanthu. Amayi akundiyang'ana, akupukusa mutu, ayi, ayi.

Belarmino ali ku Malowera, kwa azakhali ake a Paula, nyumba ya kuseri kwa chigayo.

Ndalemba kuti ndione ngati dzanja likana. Silinakane.